Ekiselo ya Kumanzere

Mutu 6

1. Maso obwereka

Mumsewu umenewo panalibe amene sankamudziwa mtsikana wa pagalaja. Loweruka anzake akamapita kokalukitsa tsitsi, iye ankavala ovolosi yakale ya bambo ake, yopindapinda m'manja ndi m'miyendo, n'kukwawira pansi pa galimoto. Anthu anamutcha Nasipanala. Poyamba ankalusa nalo dzinalo, koma kulusako n'kumene kunalikulitsa, moti pofika chaka chachitatu kusekondale ngakhale aphunzitsi ankamuitana choncho.

Galaja ya bambo ake inali chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba. Munali tebulo lachitsulo, zitini za mabawuti, ndi thabwa lalikulu pomwe sipanala iliyonse inali ndi msomali wakewake. Bambowo anagwiramo ntchito zaka makumi atatu, ndipo anthu ankangowatcha Amakaniko, ngati kuti padziko panalibenso wina.

Koma m'nyumbamo munali chinsinsi. Kuyambira chaka chathacho maso a Amakaniko anayamba kuchita nkhungu. Zinthu zikuluzikulu ankaziona, munthu akayandikira ankamuzindikira, koma manambala ndi timizere zinawathawiratu. Zitsulo ankazidziwa ndi zala. Injini ankaimva ndi khutu. Zotsalazo ankaonera maso a mwana wawo.

Awiriwa sanakambiranepo za nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Anangopeza njira yawo. Pakakhala alendo, Nasipanala ankanyamula chitsulo n'kuwerenga mokweza ngati mwana amene akuphunzira kumene.

"Ababa, apa alemba 14, eti?"

"Eya, wakhoza," ankayankha bambo ake. "Wayamba kuchangamuka tsopano."

Alendo ankaseka n'kumayamikira kuti bambo akuphunzitsa mwana ntchito. Sankadziwa kuti wophunzirayo ndi amene akuwerengera mphunzitsi wake. Zinkamuwawa mumtima Nasipanala, koma bambo ake ankawakonda kwambiri, ndipo sewerolo ankalichita bwino.

2. Galimoto ya Mayi Pipii

Mwezi umenewo ntchito zosintha difu zinabwera ziwiri. Yoyamba inali ya kalole ka amalume a mtsikanayo, ndipo imeneyo Amakaniko anaimaliza okha mlungu wathawo, Nasipanala ali kalikiliki ndi mayeso. Yachiwiri inali ya Mayi Pipii.

Mayiwa ankanyamula ana a sukulu ya mkaka, ndipo dzinalo anawapatsa ndi ana omwewo chifukwa cha hutala yawo yosatopa. Galimoto yawo inali yakale kuposa Nasipanala, yaitali, yobiriwira, chitseko chakumbuyo chomangira lamba. M'mawa uliwonse inkakwera chitunda chachikulu cha kumapeto kwa msewu, ana asanu ndi atatu akuimba m'katimo, popeza sukuluyo inali pamwamba penipeni.

Kwa amene sanasuzumirepo pansi pa galimoto, difu ndi chija chimphika chachitsulo chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo. Mphamvu ya injini imafikira mmenemo. Kenako maekiselo awiri, ina ya kumanja ina ya kumanzere, amaitenga mphamvuyo n'kukapereka kumatayala.

Difu ya galimoto yobiriwirayo inalira miyezi itatu, Mayi Pipii akungokweza wailesi kuti asaimve, mpaka inasweka. Yofanana nayo sinapezeke. Amakaniko anakatenga ina kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, yochokera m'galimoto ya mtundu womwewo koma ya zaka zapatsogolo pang'ono. Inakhala bwino pamalo pake. Vuto linali maekiselo akale, amene anakaniratu kulowa. Choncho Lachinayi, Nasipanala ali kusukulu, bambo ake anabwerera kuzitsulo kuja n'kubwerako ndi maekiselo ena awiri paphewa.

Loweruka m'mawa anawagoneka patebulo. Ntchito isanayambe n'komwe, anatulukira mnansi wawo wowotcherera zitsulo, kapu ya tiyi m'manja, n'kukhala pachitayala chakale cha pakhomo. Ameneyu anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake inkafika kumapeto kwa msewu dzuwa lisanapendeke. Sanali munthu woipa ayi. Pakamwa pokha ndi pamene panalibe mabuleki.

Amakaniko anagwira nsonga ya ekiselo imodzi n'kuitana mwana wawo.

"Tamvera bwino, mwana wanga. Ukasintha difu usaganize kuti wamaliza. Wabweretsa mlendo, ndiye uyenera kuona ngati agwirizane ndi amene wawapeza. Choyamba ndi mano. Ekiselo ili ndi mano kunsonga kuno, nayo difu ili ndi ake m'kati. Akale aja anali ndi mano 25, difu iyi ikufuna 27, n'chifukwa chake anakana. Usawerenge ndi maso okha, maso amadumpha. Lemba choko pa dzino loyamba, uike chikhadabo, uzungulire mpaka ubwerere pachoko."

Nasipanala anawerenga. Yoyamba 27. Yachiwiri 27.

"Chachiwiri ndi kutalika," anapitiriza bambo ake, "ndipo apa m'pamene amagwera amakaniko aphuma. Ekiselo yaitali siivuta. Imakana yokha, mabawuti safika, umadziwiratu. Yoopsa ndi yaifupi. Imalowa mwaulemu, umamanga, tayala limazungulira, mwini galimoto amakuthokoza mpaka kukugwira dzanja kawiri. Chonsecho mano angolumana kunsonga kokha. Pamalo athyathyathya iyenda. Mwina tsiku, mwina mwezi, palibe amene amadziwa. Koma tsiku lina pachitunda, katundu atadzaza, timano timeneto timametedwa kamodzi n'kamodzi. Injini imangolira pachabe, galimoto n'kuyamba kubwerera chambuyo. Mabuleki akakhala otopa, basi, anthu amakatola zidutswa kumunsi. Ine ndinazionapo ndili mnyamata ndipo sindifuna kuzionanso. N'chifukwa chake timapaka girisi wambiri pamano, n'kulowetsa, n'kutulutsa. Pomwe mano a difu afika, girisi amakankhidwa. Payere malo otalika ngati chala chachikulu. Pakachepera pamenepo, ngakhale mwini galimoto akugwadire, usamange. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

A Wailesi anapukusa mutu. "Koma Amakaniko, mwana wamkazi kumudzaza mutu ndi zitsulo chonchi! Adzakwatiwa ndi jeke ameneyu."

"Jeke amanyamula katundu osadandaula, a Wailesi," anayankha Nasipanala. "Si mwamuna woipa ameneyo."

Onse atatu anafa nacho chiseko.

3. Girisi

Anayamba ndi ya kumanja. Nasipanala anapaka girisi, awiriwo anailowetsa pang'onopang'ono mpaka inagunda, kenako anaisolola. Mtsikanayo anaiyang'ana n'kulankhula mokweza monga mwa masiku onse.

"Ababa, payera chala chonse, eti?"

"Eya. Umu ndi mmene timafunira."

Anazungulira kumanzere. Anapaka, analowetsa, anayamba kusolola. Abale, pakamwa pa munthu! Nthawi yomweyo ndi pamene a Wailesi anasankha kumeza tiyi wawo n'kuyamba nkhani.

"Paja Amakaniko, mnyamata wa galaja yatsopano uja akukunenani. Akuti maso anu anatha kalekale, galaja ino akuyendetsa ndi mwanayu. Ine ndinamutsutsa. Ndinati amene uja amaona ngakhale nyerere ili pansi pa basi."

Nasipanala anaona khosi la bambo ake likuuma. Asanatsegule pakamwa, bambowo anamulanda ekiselo m'manja. Anainyamula okha, anaitembenuzira kowala, n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali ngati munthu amene akuonadi.

"Zili bwino," anatero. "Ngati inzake ija. Manga."

Nasipanala anali pafupi ndipo anaona bwinobwino. Girisi anali atakankhidwa kunsonga kokha, kamalo kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Kotsalako kunali girisi yekhayekha, wosakhudzidwa. A Wailesi anali patali pachitayala chawo ndipo sanaone kanthu.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "bwanji tipakenso? Mwina dzanja langa linatsetsereka."

"Ndati manga."

Mawu amenewo sanawamvepo chibadwire. Sanali aukali okha, munalinso mantha. Nasipanala anayang'ana a Wailesi, amene makutu awo anali ataima, ndipo anameza zimene ankafuna kunena.

Anamanga. Analowetsa ekiselo, anamanga manati anayi, anabwezera mabuleki, anavekera tayala. Bambo ake anathira mafuta m'difu, kenako anazungulitsa tayala ndi dzanja. Linazungulira bwino, mopanda kaphokoso kalikonse, ndendende mmene iwo eni ananenera kuti yaifupi imachitira.

"Mwaona?" anatero a Wailesi mokondwa. "Ndikamuuza mnyamata uja kuti asiye mabodza."

4. Kukhitchini

Nasipanala ananamizira ludzu n'kulowa m'nyumba. Anapeza amayi ake akutsuka mbale. Anaima kumbuyo kwawo, manja ali bii ndi girisi, osadziwa poyambira.

"Ukandidetsera khoma ndi manja akowo tiyambana," anatero amayi ake osacheuka.

"Amayi, ekiselo ya kumanzere ndi yaifupi. Ababa ayang'ana koma sanaone. Andiuza kuti ndimange, ndipo ndamanga."

Amayiwo anasiya mbale. Anapukuta manja, anakatseka chitseko, n'kumukhazika pampando.

"Tsitsa mawu, mwanawe. Kunjako kuli ndani?"

"A Wailesi."

"Mayo ine!" Amayiwo anagwira pachifuwa. "Ndiye tandimvera. Bambo ako alibe munda, alibe sitolo, alibe pepala la sukulu. Chimene ali nacho ndi dzina basi. Anthu amadutsa magalaja atatu kubwera kuno chifukwa amati Amakaniko salakwitsa. Tsiku limene a Wailesi adzamve za masowa, pofika madzulo palibe amene adzabweretse kuno ngakhale njinga yakapalasa. Ndipo usaganize kuti ndikuopa njala. Njala tinaionapo, sitinafe. Ine ndikuopa za iwowo. Ndakhala nawo zaka zonsezi, ndimawadziwa. Akachoka m'galajamo adzakhala pampando pakhonde n'kumafota ine ndikuona. Ndawapempha kangati kuti tipite kuchipatala cha maso? Amangoti mawa, mawa. Akuopa kuti dokotala akanena zimene iwo akudziwa kale. Iwe ndiwe mwana wawo. Usawavule pamaso pa anthu. Dikira alendo achoke, tiwauze bwinobwino tili atatu, mawa mukaitanitsenso galimotoyo mwakachetechete. Zinthu za m'nyumba timakonzera m'nyumba."

"Mayi Pipii akubwera posachedwa," anayankha Nasipanala. "Anati lero lomwe akweza mipando yatsopano kupita nayo kusukulu kuja. Abwera ndi adzukulu awo."

Amayi ake anayang'ana pawindo, komwe chitunda chija chinkaonekera patali pamwamba pa madenga.

"Mwina ipirira tsiku limodzi," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Ababa anena okha kuti palibe amene amadziwa tsiku lake."

Amayiwo anatenganso mbale ija n'kuyamba kuitsuka, ngakhale inali yoyera kale. Misozi inali italengeza m'maso mwawo.

"Ine ndanena mbali yanga," anatero. "Zitsulozo sindizidziwa, mwana wanga. Amene waona ndiwe."

5. Chipika

Mayi Pipii sankafika mwakachetechete ngakhale atabwera wapansi. Mawu awo anayamba kumveka akadali pageti.

"Odi pano! Kodi nkhalamba yanga yachira? Mlungu wonse ndakhala ndikuyenda ndi ana a eni ake ngati nkhuku ndi anapiye, miyendo yatupa iyi!"

Kumbuyo kwawo kunali adzukulu awiri, kamtsikana ka zaka zisanu ndi kamlongo kake kakang'ono. Atangoona galimoto ya agogo awo anathamanga, anatsegula chitseko, n'kukwera kumpando wakumbuyo. Wamng'onoyo anakanikiza mphuno pagalasi n'kuyamba kubayibitsa Nasipanala.

Amakaniko anali atatsitsa kale galimoto pajeke. Anapereka makiyi ndi manja awiri. "Yachira, mayi. Difu ina, maekiselo ena. Chitunda chanu chija mukwera mukuimba."

Injini inalira. Mayi Pipii analiza hutala kawiri, ana anakuwa ndi chimwemwe. Chinatsala n'chimodzi chokha, chipika cha mtengo chimene chinatchinga tayala lakumbuyo kuti galimoto isasunthe.

"Chotsa chipikacho, mwana wanga," anatero Amakaniko.

Nasipanala anapita kutayala la kumanzere. Anawerama. Anayang'ana bambo ake, amene anaima mowongoka, akupukuta manja ndi kansanza, nkhope yowala ngati kale. Anayang'ananso kamphuno kaja pagalasi. Kenako anaweramuka, chipika chili pomwepo, n'kuchiponda ndi phazi.

"Galimoto iyi isachoke," anatero.

"Wati chiyani?" anafunsa Mayi Pipii, akutulutsa mutu pawindo.

"Isachoke, mayi. Ekiselo ya kumanzere ndi yaifupi. Ikhoza kuthawa pachitunda."

A Wailesi anaika kapu yawo pansi n'kuimirira. Nasipanala anaona maso awo akuchoka pa iye kupita kwa bambo ake, ndipo anadziwa funso limene linkabwera. Analithamangira lisanatuluke.

"Wolakwa ndine," anatero mofulumira. "Ababa anandituma kuti ndiyeze maekiselo onse awiri, ine ndinayeza imodzi yokha chifukwa cha ulesi. Ndiye potulutsa muja ndinafufuta girisi ndi dzanja ababa asanaione bwino. Ndinaopa kukalipidwa. Pepani."

"Ndinanena ine!" anakuwa a Wailesi akuomba m'manja. "Ndinanena kuti zitsulo si za ana aakazi! Taonani tsopano, akanaipitsa dzina la bambo ake!"

Mayi Pipii anatsika m'galimoto, chisangalalo chonse chitawathawa. "Iwe mwana iwe! Ulesi? Ukudziwa kuti ndimanyamula ana a anthu mmenemu? Ndikanakawauza chiyani makolo awo? Ine ndimakuyesa mwana wanzeru, ndimakutama kulikonse, kani ndiwe wotere?"

Mawuwo anamulasa Nasipanala mpaka misozi inagwera pa ovolosi. Anazyolika. Koma phazi lake silinachoke pachipika.

Kansanza kaja kanali katasiya kuyenda m'manja mwa Amakaniko.

"Zimitsani injini, mayi," anatero potsiriza. "Tsitsani anawo. Iwe, bweretsa jeke."

6. Chala chachikulu

Anakweza galimoto, anachotsa tayala, anamasula manati anayi aja. Amayi ake a Nasipanala anali atatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo la galaja, manja atawapinda pachifuwa.

Amakaniko anasolola ekiselo n'kuipukuta okha. Anapaka girisi okha, wochindikala. Analowetsa mpaka inagunda, n'kuisololanso. Koma ulendo uno sanaitembenuzire kowala. Anaigoneka patebulo n'kutambasula dzanja lawo kwa mwana wawo.

"Ndionetse," anatero.

Nasipanala anagwira chala chachikulu cha bambo ake, chokhakhala, chodzaza zipsera, n'kuchiika pansonga penipeni pa ekiselo. Anachikankha pang'ono. Chisanayende n'komwe chinagunda kamzere ka girisi wounjikana, pomwe mano a difu analekezera.

Bambowo anabwezera chala kunsonga, n'kuchiyendetsanso okha. Kawiri. Katatu. Kenako anakhala pansi pachitini cha mabawuti.

"A Wailesi," anatero, "tcherani khutu bwino, kuti mukamakanena mukanene zoona. Inunso mayi, mverani. Mwana uyu sanayeze kanthu. Lachinayi anali kusukulu. Maekiselo ndinasankha ndine. Mano ndinawerenga ndi chikhadabo ndipo ndinakhoza, koma kutalika ndinangoyerekeza ndi maso. Lero ndayang'ana girisi inu mukuona, ndipo ndati zili bwino. Ndinanama. Sindinaone kanthu. Chaka chatha tsopano ndikuona nkhungu yokhayokha. Mnyamata wa galaja yatsopano uja sananame ayi. Manambala onse amandiwerengera ndi mwanayu. Lero anafuna kundiuza, ine ndinamutseka pakamwa chifukwa ndinachita manyazi ndi inu, a Wailesi. Manyazi anga akanagubuduza ana awa pachitunda."

A Wailesi anakhalanso pachitayala chawo.

Amakaniko anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, bwera pafupi. Wachita bwino kuponda chipika chija. Pamenepo wandiposa, ndipo ndikunena pamaso pa anthu. Koma bodza lija usadzalibwerezenso, ngakhale chifukwa cha ine. Ndikudziwa kuti umafuna kundiphimba. Koma taganiza. Ukanasenza cholakwa changa, ine ndikanatsala woyera, anthu akanapitiriza kundikhulupirira, ndipo mawa iwe uli kusukulu ndikanamanganso ina yaifupi. Ukanandiphimba kangati? Ndipo dzina lako, limene ukungoyamba kumene kulimanga, ukanalitaya chifukwa cha nkhalamba youma mutu. Kundikonda kwake si kumeneko, mwana wanga. Ukandiona ndikulakwa uzinena kuti ababa mwalakwa. Ndikwiya, koma kukwiya kwanga sikupha munthu."

Nasipanala anagwada pafupi ndi bambo ake n'kulira momasuka, kulira kumene anakusunga chaka chonse.

Mayi Pipii anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo. Anapita kwa mtsikanayo n'kumudzutsa.

"Ndikhululukire, mwana wanga. Ndakukalipira pachabe, pakamwa panga pamathamanga ngati hutala yanga yomwe." Kenako anacheukira kwa bambowo. "Amakaniko, galimoto ndikuisiya pompano. Sindipita nayo kwina. Inu muzigwira ndi manja, uyu aziona ndi maso, ndipo asamanamizirenso kufunsa. Mipando idikira, ana ayenda wapansi masiku ena awiri, sasungunuka."

A Wailesi anakanda m'mutu. "Mwana wanga," anatero mwamanyazi, "zija za ana aakazi zija uziiwale. Tayeza bwino kutalika kumene kukufunika, undidulire waya. Ndipita ndine panjinga kuzitsulo kuja, ndikabwera nayo yoyenera."

Nasipanala analowetsa waya m'paipi ya ekiselo mpaka m'kati mwa difu, anaika chizindikiro, anayeza kawiri, n'kudula. Atamugoneka pambali pa ekiselo ija, wayayo anapitirira ndi zala ziwiri zathunthu. A Wailesi anapinda wayayo bwino n'kukwera njinga yawo.

Amakaniko anakweza mutu kuyang'ana kukhomo, komwe ankaona chithunzithunzi cha mkazi wawo.

"Mayi a mwana, muli pamenepo? Lolemba mundiperekeze kuchipatala chija."

"Mawa lanu lija lafika?" anafunsa amayiwo, akuseka ndi misozi yomwe.

"Lafika."

Nasipanala anayamba kutola masipanala n'kumawabwezera pamisomali yawo. Mtima wake unali utapepuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri. Pokoloweka yomaliza, maso ake anagwa pakona ya galaja. Pamenepo panali difu ina yakale, yosweka, ndi maekiselo awiri akale atatsamira khoma. Sizinali za galimoto yobiriwira. Zinachotsedwa m'kalole ka amalume ake mlungu wathawo.

Dzanja lake linaima m'malere.

"Amayi," anafunsa pang'onopang'ono, "amalume anati ulendo wawo wa kumapiri uja ndi wa liti?"

"Anyamuka m'mawa wa lero. Atenga azakhali ako ndi anzawo a kwaya, onse kumbuyo kwa kalole. Bwanji?"

Nasipanala anatembenukira kwa bambo ake, amene anali ataimirira kale, dzanja litagwira tebulo.

"Ababa, maekiselo a kalole kaja munasinthanso?"

"Onse awiri."

"Nanga girisi wake anayang'ana ndani?"



"Unali pamayeso, mwana wanga," anatero Amakaniko. "Ndinayang'ana ndekha."